Kuthokoza anamwino a ku wodi ya TB

Kwa Mkulu wa Anamwino,
Chipatala cha Boma.

Mayi wolemekezeka,

Ndalemba kalatayi m'malo mwa banja lathu lonse pofuna kuthokoza anamwino amene inu mumawayang'anira, makamaka a ku wodi ya amuna odwala chifuwa chachikulu cha TB, ndiponso a ku ofesi yolondola odwala akatulutsidwa. Bambo athu anagonekedwa kwanuko ali ndi TB ya m'mapapo, kuwonjezera pa matenda a shuga amene akhala nawo kwa zaka zambiri. Pano amaliza mankhwala, makhololo omaliza apezeka opanda tizilombo, ndipo pakhadi pawo palembedwa kuti achira. Madokotala tinawathokoza pamaso. Anamwino sitikanatha kuwapeza onse poti amasinthana, ena masana ena usiku, choncho tati mawu athu adzere kwa inu.

Ife tinabwera ndi wodwala mmodzi, koma anthu anuwa kuyambira tsiku loyamba ankafunsa za nyumba yonse. Namwino amene anatilandira atamaliza kuyeza bambo kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi ndi sikelo, anatembenukira kwa ine. Kodi panyumba mumakhala anthu angati? Alipo wina akutsokomola? Mwana wamng'ono kwambiri ali ndi zaka zingati? Amagona chipinda chimodzi ndi agogo ake? Mafunsowa anandidabwitsa, poti maso anga onse anali pa munthu amene ankabanika pabedi. Koma n'zimene zinapulumutsa ena awiri m'banja mwathu, monga ndifotokozere m'munsimu.

Ndiyambe ndi za pabedi, pakuti n'kumene ndinaona ntchito yanu ndi maso anga.

Bambo anafika atawonda kwambiri moti sankatha kudzitembenuza. Namwino wina wachikulire, wosakonda kuyankhula zambiri, anandiitana kuti ndiimirire mbali ina ya bedi n'kundionetsa malo amene zilonda za pabedi zimayambira: kumapeto kwa msana, m'chiuno, m'zidendene ndi m'mapewa, pamene fupa limatsamira matiresi. Anadina khungu lofiira ndi chala n'kuchotsa, n'kunena kuti likayera kenako n'kubwereranso ndiye kuti magazi akuyenda, koma likakhala lofiira chomwecho ndiye kuti chilonda chayamba kale mkati. Anandiphunzitsa kuwatembenuza pa maola 2 alionse, kuika pilo pakati pa mawondo, kukweza zidendene kuti zisakhudze bedi, kuwongola nsalu kuti isakhale ndi makwinya, ndiponso kusintha chilichonse chonyowa nthawi yomweyo. Ankandiuza kuti munthu wa shuga chilonda sichipola msanga, ndiye n'kwabwino chisayambe n'komwe. Bambo atuluka m'chipatala khungu lawo lili bwinobwino. Pa zinthu zimene zimalembedwa m'malipoti sindikukhulupirira kuti muli malo olembapo chilonda chimene sichinabwere, n'chifukwa chake ndachitchula pano.

China chimene sindidzaiwala chinachitika usiku. Odwala TB amatuluka thukuta usiku, ndipo bambo anali atazolowera kunyowetsa zofunda. Tsiku limenelo nditaona thukuta ndinangotenga kansalu n'kumawapukuta. Namwino wa usiku akudutsa ndi tochi anaima, anawagwira pamphumi n'kuwaitana dzina. Bambo anayankha zosamveka, manja akunjenjemera. Iye anati, "Thukuta ili si la TB, ndi lozizira." Anawabaya chala, kamakina kanasonyeza kuti shuga watsika kwambiri, ndipo pomwepo anawapatsa gulukosi kudzera pa diripi. Pasanapite nthawi anatsegula maso n'kundifunsa chifukwa chimene ndikulirira. M'mawa mwake namwinoyo asanaweruke anandifotokozera chimene chinachitika. Mankhwala a rifampicin amafooketsa mphamvu ya mapiritsi ena a shuga, choncho madokotala anali atawasinthira bambo pa jakisoni wa insulini. Koma madzulo amenewo sanadye mokwanira, ndiye insuliniyo inatsitsa shuga mopitirira. Anandiuza zizindikiro zoti ndizisamala nazo, ndiponso kuti akakana chakudya ndizinena asanabayidwe. Wodi inali yodzaza, ndipo iye anali ndi odwala ambiri oti awaone. Kuti anaima pa bedi limene panali kale munthu wodikirira, n'kusiyanitsa thukuta ndi thukuta linzake, ndi luso limene makina sangachite m'malo mwake.

Pa nkhani ya mankhwala, ndimayamikira kuti sanangotipatsa mapiritsi n'kutisiya. Anatiuza kuti m'piritsi limodzi muli mankhwala 4, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, amene amamwedwa miyezi 2 yoyamba, kenako n'kutsala 2 okha, rifampicin ndi isoniazid, kwa miyezi ina 4. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera sikelo ya munthu, n'chifukwa chake ankawayeza pafupipafupi, ndipo atayamba kunenepa anawawonjezera. Anatichenjezeratu kuti mkodzo, thukuta ngakhale misozi zidzafiirira, ndipo tisachite mantha poti si magazi. Bambo akanapanda kuuzidwa zimenezi, ndikuwadziwa ine, akanataya mapiritsiwo tsiku lachiwiri. Anatiuzanso zoti zikachitika tithamangire kuchipatala osadikira tsiku la pakhadi: maso akachita chikasu kapena akayamba kusanza kosalekeza, poti chiwindi chimatha kuvulala, ndiponso akayamba kuona mwachimbuuzi kapena kulephera kusiyanitsa mitundu. Za dzanzi la m'mapazi, limene isoniazid amabweretsa ndipo limavuta kwambiri anthu a shuga, anawapatsa vitamini B6 kuyambira pachiyambi.

Panali chinthu china chimene odwala ankadandaula nacho, mawindo. Kuzizire kusazizire, anamwino ankawatsegula. Wina akatseka mobisa, namwino ankabwera n'kutsegulanso, n'kumuwonjezera bulangeti. Poyamba zinkaoneka ngati nkhanza. Kenako anatisonkhanitsa ife odikirira odwala panja n'kutifotokozera kuti tizilombo ta TB timayenda mumpweya munthu akatsokomola, ndipo m'chipinda chotseka timatha kukhala tikuyandama kwa maola angapo, pamene mphepo imatiuluza ndipo dzuwa limatipha. Si nzeru yatsopano: Florence Nightingale, amene tsiku lake lobadwa, 12 Meyi, ndilo tsiku lokumbukira anamwino padziko lonse, ankalimbikira zomwezi za mpweya wabwino m'mawodi Robert Koch asanatulukire n'komwe kachilombo ka TB mu 1882. Pamsonkhano womwewo mayi wina anafunsa ngati azipatula mbale ndi kapu za mwamuna wake. Namwino anayankha kuti ayi, TB siyenda pa mbale, pa zovala kapena pogwirana chanza. Chofunika ndi kutseka pakamwa potsokomola, kuvala masiki masiku oyamba ndi kumwa mankhwala, chifukwa munthu akamwa bwino kwa milungu ingapo mwayi wopatsira ena umachepa kwambiri. Mawu amenewa ndinapita nawo kunyumba. Achibale ena anali atayamba kale kuima pakhomo osalowa, ndipo ena ankanong'onezana kuti TB ndi HIV ndi chinthu chimodzi. Anamwino anu anatiuza mosapita m'mbali kuti wodwala TB aliyense amayezedwa HIV poti kachilomboka kamafooketsa chitetezo cha m'thupi, koma shuga, kusowa chakudya chokwanira m'thupi, fodya ndi mowa nazonso zimatsegulira TB njira. Bambo anayezedwa mwachinsinsi, katani itatsekedwa, ndipo zotsatira anauzidwa okha. Ulemu umenewo anauona.

Tsopano ndibwerere ku mafunso a tsiku loyamba aja. Bambo asanatuluke n'komwe, namwino wa ku ofesi yolondola odwala anatipatsa timabotolo ta makhololo ndi tsiku loti tonse a m'nyumba tikaonedwe. Mchemwali wanga anali ndi kachifuwa kamene ankati n'ka fumbi. Makhololo ake anayezedwa pa makina a GeneXpert, amene amatulutsa zotsatira m'maola pafupifupi 2 n'kusonyezanso ngati tizilombo tikukana rifampicin, ndipo anapezeka ndi TB. Anayamba mankhwala akuyenda ndi miyendo yake, osagonekedwa, osasiya ntchito nthawi yaitali. Iyeyu amagwira ntchito m'chipinda chodzaza anthu tsiku lonse. Sindikufuna kuganiza kuti akanapatsira angati akanatsokomola miyezi ina ingapo. Kamwana kake, kosakwana zaka 5, kanayezedwa n'kupezeka kalibe matenda, koma kanapatsidwa mankhwala oteteza. Ife tinkaganiza kuti katemera wa BCG amene kanabayidwa katangobadwa ndi wokwanira. Namwino anatilongosolera kuti katemerayu amathandiza kwambiri kuteteza ana ku TB yoopsa monga ya mu ubongo, koma satseka njira zonse, ndipo mwana wamng'ono amene wapuma mpweya umodzi ndi wodwala amatha kudwala mofulumira.

Pamenepa m'pamene ndinazindikira kukula kwa nkhaniyi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB ndipo pafupifupi 1.25 miliyoni anamwalira nayo, matenda ochizika, amene mankhwala ake akhalapo kwa zaka zoposa 70. Limanenanso kuti munthu mmodzi mwa 4 alionse padziko lapansi analowedwapo ndi tizilomboti, kungoti mwa ambiri timangogona osadwalitsa. Ziwerengero zotere zimalengezedwa m'misonkhano ikuluikulu pa 24 Malichi, tsiku lokumbukira matenda a TB padziko lonse, chaka chilichonse, koma zimatsika pokhapokha namwino wina atafunsa funso lakuti "alipo wina akutsokomola kunyumba?" n'kulondola yankho lake mpaka botolo litabwerera ku labotale.

Nthawi yovuta kwambiri sinali ya kuchipatala ayi. Inali mwezi wachitatu, bambo atayamba kudya bwino, chifuwa chitasiya, mphamvu zitabwerera. Anayamba kunena kuti achira, ndipo mapiritsi akungowatopetsa. Tsiku lokatenga mankhwala litadutsa osapita, foni inalira madzulo ake. Anali namwino uja wa ku ofesi yolondola odwala. Sanakalipe. Anapempha kuyankhula ndi bambo eni ake, n'kuwauza kuti kusiya mankhwala pakati kuli ngati kudula udzu n'kusiya mizu: umaphukanso, ndipo wophukawo ndi wolimba. Anawafotokozera kuti tizilombo timene timatsala timatha kuzolowera isoniazid ndi rifampicin, ndipo TB yosamva mankhwala imeneyo ndi imene angapatsire zidzukulu zawo. Kale TB yotere inkafuna miyezi 18 kapena kuposa, ndi majakisoni amene ena ankagontha nawo makutu. Kuyambira mu 2022 WHO inavomereza mapiritsi a miyezi 6 kwa odwala ambiri, komabe ndi mankhwala olemera m'thupi ndipo palibe angawafune dala. Atamva za zidzukulu, bambo anangoti, "Ndamva, mwanangu, ndibwera mawa." Ife ana awo tinali titayankhula mpaka kutopa, osatimvera. Makhololo a mwezi wachisanu ndi a mwezi womaliza anakaperekanso okha popanda wowakumbutsa.

Sindikulemba ngati munthu amene sanaone mavuto. Ndinaona namwino mmodzi akuthamanga pakati pa mabedi ambiri, wina akuitana kuno wina uko, chakudya chake chikuzizira patebulo. Ndinaona odwala ena akumulalatira chifukwa chochedwa, iye n'kungopepesa. Lipoti la WHO la mu 2020 linati padziko lonse panali anamwino pafupifupi 27.9 miliyoni, kuposa theka la onse ogwira ntchito zachipatala ophunzira, koma pankasowabe ena 5.9 miliyoni, ndipo kusowako kunali kwakukulu m'mayiko osauka. Maganizo anga ndi akuti anthu timafulumira kudandaula za namwino mmodzi amene anatiyankha mwaukali, n'kuiwala kufunsa kuti anali yekha kwa maola angati. Komanso anthu amenewa amapuma mpweya wa wodi ya TB tsiku ndi tsiku. Ndikupempha kuti akuluakulu amene mumakambirana nawo za ndalama asamaone masiki oyenera, magolovesi, sopo ndi kuyeza anamwino eniakewo ngati zinthu zoti zingadikire.

Ndili ndi pempho limodzi lina. Maphunziro amene anamwino ankatipatsa ife odikirira odwala ndi amene anatithandiza kwambiri titabwerera kunyumba, koma ankadalira kuti namwino wapeza mpata. Amene anabwera tsiku lotanganidwa sanamve. Ngati n'kotheka, akhazikitsidwe tsiku ndi ola lake mlungu uliwonse, ndipo mfundo zikuluzikulu, monga za kutembenuza wodwala, zizindikiro zoopsa za mankhwala ndi za kuyezetsa a m'nyumba, zilembedwe pa kapepala m'chiyankhulo chimene anthu amamva, ndi zithunzi zothandiza amene satha kuwerenga.

Chonde werengani kalatayi pa msonkhano wanu wa m'mawa, nthawi imene a usiku akupereka ntchito kwa a masana, kuti magulu onse aimve. Mayina sindinatchule poopa kusiya ena, koma namwino wa tochi uja, mayi amene anandiphunzitsa kutembenuza wodwala ndi amene anaimba foni adzadzizindikira okha. Muthokozenso ophunzira unamwino amene ankasambitsa bambo mwaulemu, okolopa amene ankachotsa zotayira makhololo mosanyansidwa, ndi a ku labotale amene sitinawaone nkhope. Bambo anafuna kusainira okha, ndipo dzina lawo ndi nambala ya khadi lawo zili pa kalata ya pamanja imene tasiya ku ofesi kwanu.

Ine wanu mwaulemu,
Mwana wa wodwala amene munamusamalira.