Usanasaine pepala lija

Mwana wanga,

Lamulungu unachoka kuno ku Kawale utakwiya, nsima osamaliza, titakangana za pepala limene kampani ya nyimbo ikufuna kuti usaine. Ndinakuyankha mokalipa, ndavomera. Ndasankha kulemba chifukwa tikakhala pansi tikumangodulana mawu.

Unandionetsa pafoni za woimba wa ku America uja, 50 Cent, kuti chimbale chake choyamba kutulutsidwa ndi kampani yaikulu, Get Rich or Die Tryin', chinagulidwa makope 872,000 sabata yoyamba yokha mu Febuluwale 2003. Zimenezo n'zoona. Koma utapita ndinamuuza mng'ono wako kuti andiwerengere nkhani yonse. Woimbayo anali atasainapo kale ndi kampani ya nyimbo ya Columbia, chimbale chitajambulidwa. Atalasidwa ndi zipolopolo 9 m'chaka cha 2000, kampaniyo inamutaya ndipo chimbalecho sichinalowe pamsika. Anayambiranso, n'kumatulutsa nyimbo payekha ku New York mpaka oimba otchuka Eminem ndi Dr. Dre anachita kumufuna okha. Pamene ankasaina nawo n'kuti ali kale ndi anthu omukonda. Iwe amene akukuitanayu wamva nyimbo zako zingati?

Chandisowetsa tulo ndi ndalama zomwe akuti akupatsa ukangosaina. Imeneyo ndi ngongole, mwana wanga, ndipo ine ndimaidziwa. Chaka chimene ndinalima fodya wa kontirakiti ku Mitundu, anandipatsa mbewu, feteleza ndi mankhwala, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba. Mabelo atagulidwa ku Kanengo, iwo anayamba achotsa zawo zonse. Ndinaima ndi kapepala m'manja, kuwerenga kawiri. Zotsala zinangokwana fizi yako ya Fomu 2 ndi malata 6. Sanandibere ayi, zonse zinalembedwa papepala limene ndinasaina ndisanaliwerenge bwino. Makampani a nyimbo amateronso: za situdiyo, za vidiyo, amazibweza kuchokera pa gawo lako, iwe usanalandire kalikonse.

Ndiye ufunse mosachita manyazi. Nyimbozo zikajambulidwa mwini wake ndani, iwe kapena iwo? Akumanga zaka zingati? Akasintha maganizo osatulutsa chimbale, udzaloledwa kupita nacho kwina? Pepalalo liwerengedwe ndi loya, osati anzako a kusitudiyo. Ya loyayo ndilipira ine, mbuzi ziwiri zilipo kumudzi. Upitenso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ukalembetse nyimbo zako m'dzina lako, kuti zikamaseweredwa pawailesi kangachepe kazikupeza. Ntchito usasiye pakali pano, lendi ya ku Area 25 siidikira chimbale.

Usaganize kuti sindikondwera nawe. Mwezi watha ndili m'minibasi kuchokera ku depoti, nyimbo yako inalira, kondakitala akuimba nawo mawu onse. Ndinamugwira pamkono n'kumuuza kuti ameneyo ndi mwana wanga. Sanakhulupirire, koma ine ndinafika kunyumba misozi ili m'maso.

Ubwere Loweruka ndi pepalalo, tidzaliwerenge limodzi mzere ndi mzere. Amayi ako akuti adzaphika chambo.

Ndine bambo ako.