Kwa mwana wanga, za maganizo amene akukusowetsa tulo

Wokondedwa mwana wanga,

Titamaliza kulankhula pafoni paja mtima wanga sunakhazikike. Unati kuntchito kuli bwino, ana ali bwino, koma pakamwa pako sipanachoke “nanga ndikadzachotsedwa ntchito”, “nanga ana akadzadwala”, “nanga zikadzakanika”. Unatchulanso mongodutsa kuti masiku ano umadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku n'kumangoyang'ana kudenga mpaka kucha. Nkhani ngati iyi siithera pafoni, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere.

Ndikudziwa chimene chikukuletsa kusiya. Mumtima mwako ukuona ngati ukaleka kuda nkhawa ndiye kuti waleka kusamala, ndipo tsoka lidzakupeza uli chigonere. Apa m'pamene ndikufuna tigwirizane. Kuda nkhawa si kukonzekera. Munthu wokonzekera amamaliza ali ndi chochita: wasunga kandalama pambali, walemba kalata yofunsira ntchito ina, wapita naye mwana kukaonedwa. Tsono iwe, usiku wonse unauthera pa nkhani yochotsedwa ntchito uja, kutacha unadzuka ndi chiyani m'manja? Mutu waching'alang'ala basi. Kumeneko ndi kutunga madzi ndi dengu, mwana wanga.

Ndipo thupi limalipira. Ubongo ukamva kuti pali ngozi umatulutsa chenjezo, thupi n'kuthira timadzi take totchedwa adrenaline ndi cortisol m'magazi kuti uthawe kapena ulimbane. Vuto lake n'lakuti chenjezo limenelo limalira ngakhale ngoziyo ili ya m'maganizo chabe. Abwana akulembera kauthenga kakuti “tionane mawa m'mawa”. Iwe wakawerenga, wakawerenganso, wayamba kufufuza chifukwa chake sanayambe ndi moni. Mtima wayamba kugunda, m'mimba mwapotokola, mapewa aumirira. Kenaka ukumva mmene thupi lilili n'kumati, “Ndiye kuti kulidi zoopsa.” Chonsecho palibe chimene chachitika. Kugunda kwa mtima si umboni wakuti mawa kuli tsoka, kukungosonyeza kuti waopa.

Sindikuuza kuti “ingosiya kuganiza”, chifukwa sizitheka. Mu 1987 katswiri wina wa za maganizo, Daniel Wegner, anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo chimbalangondocho chinkangobwera m'mitu mwawo. Ganizo ukalithamangitsa limabwerera ndi mphamvu. Chimene chimathandiza ndi kulipatsa nthawi yake. Sankha mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, madzulo dzuwa lisanalowe, osati pafupi ndi nthawi yogona. Nkhawa ikakupeza uli pa ntchito kapena ukusambitsa mwana, ilembe pa kapepala m'mawu ochepa, uiuze kuti muonana nthawi ija. Poyamba idzakana, idzabwera kangapo. Usakwiye nayo, ingoilozera kapepalako.

Nthawiyo ikakwana, tenga zimene walemba, ufunse chilichonse funso limodzi lokha: kodi pali chimene ndingachite pa ichi sabata ino? Ngati chilipo, lemba sitepe yoyamba, yaing'ono, ndi tsiku loichitira. Ngati palibe, chisiye papepalapo. Zambiri mwa “nanga” zako zili m'gulu lachiwirili, ndipo n'zimene zikukudya kwambiri, chifukwa ukuzifunira yankho limene munthu aliyense alibe. Ukufuna wina akutsimikizire kuti palibe choipa chidzachitike. Ine mayi ako sindingakulonjeze zimenezo, ndipo amene angakulonjeze akukunamiza. Chimene ndingachitire umboni ndi ichi: ndakuona ukukumana ndi zovuta zenizeni, ndipo sunagwe. Zikafika umaganiza bwino, umafunsa anthu, umapeza njira. Nkhawa ikamakujambulira za mawa imajambula vuto lokha, iwe amene udzalimbane nalo imakusiya kunja kwa chithunzi.

Mapepalawo usataye. Pakatha mwezi udzawawerenge, uone zingati mwa zimene unkaopa zinachitikadi, ndipo zimene zinachitikazo unazithetsa bwanji. Ndikufuna udzaone wekha ndi maso ako, osati kungomvera ine.

Za usiku ndinene mwachidule. Pa 2 koloko palibe nkhani imene imaweruzidwa bwino, chifukwa ubongo wotopa umakulitsa chilichonse. Tulo tikakana, usagubuduke pabedi. Dzuka, khala pampando ndi kuwala kochepa, upume pang'onopang'ono, potulutsa mpweya uzichedwa kuposa pokoka, chifukwa zimenezo zimatsitsa kugunda kwa mtima. Foni ikhale kutali. Kufufuza zizindikiro za matenda pa intaneti usiku sikunatonthozepo munthu. Khofi wa madzulo umusiye, ndipo mowa usauyese mankhwala a tulo: umakugonetsa msanga koma n'kukudzutsa pakati pa usiku mtima uli m'mwamba. Masana uziyenda ndithu mpaka kathukuta katuluke.

Tsopano chimene ndikufuna umve bwinobwino. Nkhawa ikamakugwira masiku ambiri kwa miyezi, ikamakulepheretsa kugona, kudya kapena kugwira ntchito, imeneyo ndi nthenda ngati zina zonse, ndipo ili ndi chithandizo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo mwa anthu anayi ofunika thandizo, mmodzi yekha ndiye amalilandira. Ambiri amangopirira chamumtima poopa kunenedwa. Iwe usakhale mmodzi wa iwo. Madokotala amayang'ana ngati vutoli latha miyezi 6, koma palibe chifukwa chodikira kuti ikwane. Pita ukafotokoze zonse monga unandifotokozera ine. Akhoza kukuyeza kaye, poti matenda ena a m'thupi, monga a chithokomiro, amabweretsanso kugunda kwa mtima ndi kusowa mtendere. Pali uphungu wotchedwa CBT umene umaphunzitsa munthu kuunika maganizo ake m'malo mongowakhulupirira, ndipo kwa ena pamafunikanso mankhwala. Kupemphera usasiye, koma wina asakuuze kuti kukaonana ndi dokotala ndi kuchepa chikhulupiriro. Ndipo ngati tsiku lina ganizo lakuti kuli bwino kungofa litakufikira, usagone nalo. Uza munthu tsiku lomwelo, upite kuchipatala, undiimbire ngakhale pakati pa usiku.

Ndikudziwa umandibisira zina poopa kundidandaulitsa. Leka zimenezo. Chimandipweteka kwambiri ndi kumva mochedwa kuti unkavutika wekha. Mnzako wa m'nyumba umuuzenso, asamangokuona wakhala duu n'kumaganiza kuti wakulakwira.

Lamlungu ndidzakuimbira. Udzakhale ndi kapepala kako pafupi, tidzawerenge limodzi. Undipatsire moni adzukulu anga.

Ndine mayi ako okukonda.