Ana a mu Lilongwe aione sitima yakwathu, ngakhale ya pathebulo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidzere m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi aphunzitsi, okonza zionetsero, komanso madala amene anagwirapo ntchito ya njanji m'dziko muno. Ine ndine kalipentala wa ku Area 25. Kwa zaka zinayi tsopano, ndikaweruka ku shedi madzulo ndimakhalira pa kantchito kena: ndikumanga kanjanji kakang'ono kokhala ndi sitima yoyendera magetsi, siteshoni yake, mitengo, nyumba ndi anthu ake, zonsezo pa thabwa lotalika masentimita 180.

Mwezi wathawu ndinakaonetsa pa tsiku la makolo pa sukulu ina ya pulayimale kwathu kuno. Ana atandiunjirira, ndinawafunsa kuti ndani anakwerapo sitima. Onse zii. Kenaka kamnyamata kena ka Sitandade 5 kanandifunsa kuti, "Agogo, nanga chiwongolero chili pati? Dalaivala amakhota bwanji?" Ndinanyamula bogi imodzi, kuitembenuza, n'kumuonetsa kamlomo kamene kali mkati mwa gudumu lililonse, kamene kamaligwira kuti lisachoke pa njanji. Ndinamuonetsanso mapoyinti, paja njanji zimagawikana, mmene timalilime tiwiri tachitsulo timasunthira n'kutengera sitima kumanzere kapena kumanja. Anayang'anitsitsa, n'kuthamanga kukaitana anzake kuti awafotokozere yekha. Mwanayu amakhala pamphuno pa Kanengo, pamene pali njanji yeniyeni, koma zimenezi anadziwira pa thebulo langa. Chandilembetsa kalatayi n'chimenechi.

Ine sitima ndinakulira nayo. Malemu bambo anga ankagwira ntchito yokonza njanji chakufupi ndi Chipoka, ndipo mbiri yake ankaitchula ngati akuwerenga mayina a makolo: kuti inayambira ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, n'kufika ku Blantyre mu 1908; kuti ku Salima inafika mu 1935, chaka chomwe anatsegula mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi; kuti ya ku Nkaya yodzera ku Nayuchi kupita ku doko la Nacala inatsegulidwa mu 1970. Yochokera ku Salima kubwera ku Lilongwe ndinaiona ndi maso anga ikumangidwa ndi thandizo la dziko la Canada. Inafika kuno mu 1979, ine ndili mnyamata, ndipo chaka chotsatira inakafika ku Mchinji. Papita zaka zambiri sitima ya anthu isakuima kuno, ndiye ana athu sitingawanene kuti ndi mbuli. Sanaione basi.

Poyambira panga panali pa katoni imene mphwanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Munali injini imodzi yakale, mabogi asanu, njanji zingapo ndi mapoyinti awiri, za muyeso umene amautcha HO. Pa muyeso umenewu chilichonse amachichepetsa ka 87, ndipo mpata wa pakati pa njanji ziwiri ndi mamilimita 16.5. Ndinatenga pensulo n'kuchulukitsa: 16.5 kuchulukitsa ndi 87 zikubwera pafupifupi 1,435, womwe ndi mpata wa njanji zambiri za ku Ulaya ndi ku America. Zathu kuno ndi zopapatiza, mamilimita 1,067, kapena kuti mapazi atatu ndi theka, chimodzimodzi za ku Zambia, Mozambique ndi South Africa. Amene anaionapo sitima yathu ikubwera chakutsogolo akudziwa kuti thupi lake limasefukira njanji mbali zonse ziwiri, ngati munthu wonenepa atakhala pa kampando. Ya m'katoni ija sinkaoneka choncho. Inali mlendo.

Ndinagawa 1,067 ndi 16.5, yankho n'kubwera 64 ndi kakobiri pamwamba. Ndiye kuti ndikamanga zonse pa muyeso wa 1:64, njanji za m'katoni zomwe zija zikhala zoona kwa ife. Pambuyo pake ndinamva kuti anzathu okonda ntchitoyi ku New Zealand, komwe mpata wa njanji ndi wofanana ndi wathu, amachitanso chomwecho. Ndinachotsa matupi onse a mabogi ndi la injini, kusiya magudumu ndi mota, n'kumanga atsopano otambalala ndi pulasitiki yopyapyala komanso makatoni olimba. Pa muyeso uwu chitseko cha mamita awiri chimakhala mamilimita 31, ndipo munthu wamkulu amakhala mamilimita ngati 27, wamfupi kuposa kamtengo ka machesi. Aphunzitsi a masamu, taonani: mwana amene amagwa ulesi ndi kugawa pa bolodi, mukamupatsa tepi kuti ayeze chitseko cha kalasi n'kupeza kukula kwake pa kanjanjika, amawerengera mpaka belu kulira iye osamva.

Thabwa langa loyamba linali la chipboard, ndipo ndinkalisiya pansi m'chipinda chosungiramo katundu. M'dzinja limodzi lokha thabwalo linafufuma, njanji n'kupindika, chiswe n'kumalizitsa zotsala. Ndinadandaula kwambiri chifukwa inali ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri. Lachiwirili ndi la plywood ya mamilimita 9 pa felemu ya paini, lopakidwa penti kunsi ndi kumwamba, ndipo ndinaligawa pawiri, chigawo chilichonse masentimita 90 m'litali ndi 40 m'lifupi. Popita ku chionetsero ndimaziyang'anitsa zigawo ziwirizi n'kuzimanga ndi mabawuti, zimasanduka bokosi, nyumba ndi mitengo zili mkati motetezeka. M'minibasi ndimalipirira bokosilo mpando wake, sindilola kuti likakhale kumbuyo ndi matumba a makala. Pamene zigawozi zimakumana m'pamene pamavuta kwambiri, chifukwa njanji zikasemphana ndi theka la milimita lokha, bogi imagwa. Ndinakhoma timasikuluwu ta brass kumapeto kwenikweni n'kuwotchererapo nsonga za njanji kuti zisamasunthe.

Anthu ambiri akamva za sitima yoseweretsa amaganiza yozungulira bwalo osaima. Imeneyo imafuna malo aakulu, ndipo ana amatopa nayo msanga. Yanga siizungulira. Pali njanji imodzi yolowera, imene imagawika kukhala nthambi zitatu: imodzi yokwana mabogi atatu, ziwiri zokwana awiriawiri. Ndi kachidule ka masewera amene ku England amawatcha Inglenook. Bogi iliyonse ili ndi nambala, ndipo manambala omwewo ndinawalemba pa zitsekerero za mabotolo zisanu. Mwana amapisa dzanja m'kathumba n'kutulutsa zitatu, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza mabogi atatuwo motsatira ndondomeko imene zatulukira, podziwa kuti njanji yolowera imangokwana injini ndi mabogi awiri. Ndondomeko zotheka zilipo 60. Iyi ndi ntchito yomwe anthu a shanti, osanja ndi kulumikiza mabogi pa siteshoni, amagwira ku Limbe ndi ku Kanengo, ndipo ndaonapo abambo a matayi akulanda ana awo chowongolera kuti ayeseko.

Koma chimene chimandidyera nthawi, chimenenso ndimachikonda kuposa zonse, ndi kupanga malowo kuti aoneke akwathu. Sindinatengere siteshoni ina yake yeniyeni. Ndi kasiteshoni ka m'maganizo mwanga, kwinakwake pakati pa Salima ndi Lilongwe, mwezi wa Okutobala. Dothi ndi katondo weniweni wa kuseri kwa nyumba yanga. Ndimamukazinga pa chiwaya kuti tizilombo ndi nkhungu zife, kumusinja mu mtondo, n'kumusefa ndi nsalu. Penti ya m'sitolo singakupatseni kufiira kumene kuja. Miyala yogonekapo njanji ndi fumbi la kwale losefedwa ndi sefa ya tiyi. Apa pali chenjezo limene ndinaliphunzira injini itandiima: musanathire mchenga kapena fumbi lililonse, dutsitsanimo maginito, ngakhale ya sipika yakutha, chifukwa mumakhala tizitsulo tating'ono timene timakokedwa ndi mota n'kukaipha. Mukayala miyalayo ndi kaburashi, mumayamba mwainyowetsa ndi madzi opopera, kenaka n'kudonthezera guluu wamatabwa wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, mutathiramo kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti alowerere. Osakhudza kwa masiku awiri. Akuluakulu aja anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene wapupuluma apa amamatiriza mapoyinti, ntchito yonse n'kubwerera pambuyo.

Malata a siteshoni ndi a kagolosale ndinawapanga ndi foyilo yochindikala, kuikanikiza pa mano a bawuti yaitali kuti ituluke mizere. Njerwa ndinazilemba ndi singano pa pulasitala wa m'makoma asanaume. Mlambe umene waima kumbuyo kwa siteshoni ndi waya wa kopa wa mu chingwe chakale, wopotedwa pamodzi kuthunthu n'kumwazika kunthambi, womatidwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Ndinausiya wopanda masamba, monga umakhalira m'chilimwe. Udzu wouma ndi ulusi wa chingwe cha khonje wodulidwa timafupitimafupi. Pa thabwa loimirira kumbuyo ndinajambula mapiri otuwa ndi utsi wa lupsa, mopepuka, chifukwa chakutali chikakhala chowala kwambiri chimalanda maso.

Anthu ndiwo anandivuta. Ambiri ogulitsidwa kunja ndi a HO, aafupi pa muyeso wanga, ndipo avala majekete achisanu. Anga ndimawaumba ndi waya wopyapyala ndi putty. Pali mayi wa chitenje wasenza lichero la nthochi, mwana kumsana. Pali wa kabaza watsamira njinga yake pansi pa mtengo wa mango, mbuzi ziwiri zikudya m'mbali mwa njanji, ndi gulu la amuna anayi okonza njanji, mmodzi wanyamula piki paphewa. Ameneyo ndi bambo anga. Ndinkafuna kuika anthu ambiri, koma mayi a kunyumba anandiletsa, amvekere, "Bambo, pa siteshoni ya kumudzi masana a Okutobala anthu amabisala pamthunzi, musadzaze ngati msika wa Tsoka." Ananena zoona, ndipo ndinachotsa asanu ndi mmodzi.

Chomaliza ndi kudetsa. Chinthu chongopangidwa kumene, choyera mbee, chimaoneka chabodza. Ndimapala choko chofiirira ndi makala, n'kupaka fumbilo ndi burashi youma pa mabogi, kunsi kwa makoma kumene mvula imathovukira, ndi pa malata kuti achite dzimbiri. Bambo wina wachikulire pa chionetsero chija anawerama nthawi yaitali, kenaka anati pakati pa njanji pamene injini imaima payenera kukhala pakuda ndi mafuta. Anandiuza kuti anali wokonza mainjini ku Limbe. Usiku womwewo ndinadetsapo.

Sitimayi imayendera magetsi a mavoti 12 odzera m'njanji momwemo. Tsiku lina magetsi anazima holo itadzaza ana, kuyambira pamenepo ndimayenda ndi batire ya njinga yamoto. Mdani wina ndi fumbi la Lilongwe. Likangoyala pa njanji, injini imayamba kudzigwedeza n'kuima. Ndimapukuta ndi kansalu konyowetsa sipiliti maola awiri alionse. Sandipepa ayi, chifukwa amasiya timikwasa tomwe timasunga litsiro. Thebulo ndimaliika lalifupi kuti wa Sitandade 1 aone osanyamulidwa, ndipo ndimalola ana kuyendetsa okha, mmodzimmodzi. Zimathyoka zina, inde, guluu ndimakhala naye m'thumba.

Tsono pempho langa lili patatu, A Mkonzi. Kwa okonza zionetsero za sayansi m'sukulu, za m'mipingo ndi za malonda: tipatseniko thebulo limodzi pakona, pafupi ndi soketi, opanda kutilipiritsa ngati ogulitsa, pakuti sitigulitsa kanthu. Kwina anandibweza pakhomo ati zidole zilibe malo pa chionetsero cha sayansi, chonsecho m'bokosi langa munali magetsi, masamu, ukalipentala ndi mbiri ya dziko. Kwa aphunzitsi: ana athu amene amapinda magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chokhota ndi masipuling'i ali kale ndi manja a ntchitoyi. Injini ya magetsi ndi yodula ndipo m'sitolo zathu simupezeka, koma kalasi ikhoza kuyamba ndi siteshoni ya makatoni, njanji za nsungwi ndi mabogi okankha ndi chala, bola muyeso ukhale umodzi.

Pempho lachitatu ndi limene landilemera mumtima. Madala amene munali madalaivala, magadi, masiteshoni masitala ndi okonza njanji, kaya ana awo amene munatsala ndi masutikesi: zithunzi zanu zili kuti? Injini yakale yoyendera nthunzi munthu akhoza kukaiona ku Museum ya ku Chichiri n'kuiyeza ndi tepi. Koma mtundu wa penti ya mabogi a anthu amene tinkakwera popita ku Balaka, mawindo ake, benchi ya pa siteshoni, yunifolomu ya gadi, nyali imene ankagwedeza usiku, zonsezi ndikuzimanga mongokumbukira, ndipo mutu wa munthu wa zaka zanga umasakaniza zinthu. Bambo anga sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi. Ndikufuna kumanga bogi ya anthu ya kalasi yachitatu isanafike Khirisimasi, ndipo sindikufuna kunamiza ana. Amene muli nacho chithunzi chake, ngakhale chong'ambika, kapena amene mukukumbukira bwino kuti mbali imodzi inali ndi mawindo angati, lemberani kudzera kwa A Mkonzi. Ndidzabwera ndekha ndi foni kudzachijambula, chithunzi chanu chisachoke m'nyumba mwanu.

Ine wanu,
Kalipentala wa ku Area 25,
Lilongwe