Za njerewere za mdzukulu wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Mzuzuko ndi mvula yanu yosathayo. Kuno tili bwino, mawondo okhawa ndiwo akuvuta.

Chithunzi cha dzanja la mwana chomwe unatumiza pa WhatsApp ndachiona. Ndi njerewere zimenezo, mtima m'malo. Chandilembetsa kalata ndi malangizo a aneba ako aja, akuti udule ndi lezala kenako udonthezerepo utomoni wa nkhadze. Usayerekeze. Nkhadze imawotcha khungu, ndipo mwana sachedwa kutikita m'maso. Utomoniwo ukalowa m'diso ukhoza kuliwononga. Lezala nalo limangofesa kachilombo pa zala zina, n'kusiya chilonda ndi chipsera.

Njerewere sizibwera chifukwa chogwira chule, ngakhale agogo ako ankatiopseza choncho. Chimayambitsa ndi kachilombo ka HPV, kamene kamalowa pomwe khungu lakandika kapena lang'aluka. Pamatha miyezi zisanaonekere, ndiye usayambe kuloza chala ana a eni kusukulu. Timadontho takuda ukuti ndi mizu tija si mizu ayi, ndi timitsempha ta magazi toundana. Palibe chozula pamenepo.

Dziwanso kuti mwa ana atatu alionse, awiri njerewere zimawathera zokha pasanathe zaka ziwiri, thupi likachizindikira chilombocho. Zikanakhala kuti sizikumusowetsa mtendere, ndikanati uzisiye. Koma poti wati ina ili pogwirira cholembera ndipo anzake akumuseka, pita kufamase m'tauni ukafunse mankhwala opaka a salicylic acid, aja a 17 peresenti.

Kapakidwe kake ndiye nkhani. Madzulo aliwonse aviike chalacho m'madzi ofunda kwa mphindi 5 kapena 10. Umupukute, kenako ukweche pang'onopang'ono khungu loyera lofewalo ndi kamwala, osafika potulutsa magazi. Kamwalako kakhale ka ntchito yomweyo basi, wina asakatenge kukakwechera mapazi kubafa. Zungulizira Vaselini pakhungu labwino, dontheza mankhwala panjerewere penipeni, adikire aume. Pakayamba kuwawa kapena kufiira, pumira masiku angapo. Zimatha kutenga masabata 12, ndipo ndikukudziwa iwe, sabata yachiwiri udzayamba kunena kuti anakugulitsa madzi. Ena mwa anthu amene amati mankhwalawa sagwira ntchito ndi amene anasiyira panjira.

Mankhwala amenewa si a kumaso kapena kumalo obisika. Bambo a mwanayonso, paja ali ndi shuga, asadzapake pamapazi awo popanda kuonana ndi adokotala.

Thaulo akhale ndi lake, chowengera zikhadabo chakenso. Muletse kuluma zikhadabo ndi kutong'ola njerewerezo, chifukwa ndimo zimafikira pamilomo. Kubafa komwe mumasamba mabanja angapo kuja azivala masilipasi. Njerewere za kuphazi zimakonda simenti yonyowa ndipo zimapweteka poponda.

Ukaona kuti zikutuluka magazi zokha, zasintha mtundu, zikuchuluka msanga, kapena miyezi itatu yatha popanda kusintha, pita naye kuchipatala cha Mapale, iwo adzaona ngati n'koyenera kukutumizani kuchipatala chachikulu cha Central ku Luwinga. Kumene kuli zipangizo amaziumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri otchedwa liquid nitrogen, ngakhale zimaluma ndipo nthawi zambiri umabwererako kangapo. Njerewere zikachuluka kwambiri madokotala amafuna kuyezanso chitetezo cha m'thupi, kuphatikizapo HIV. Akanena zimenezo usakwiye, ndi ntchito yawo.

Unafunsanso za katemera wa HPV yemwe boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019. Ameneyo ndi woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Mitundu ya HPV ndi yoposa 100, ndipo ya pazalayi ndi ina, choncho katemera sachotsa njerewere, komanso njerewerezi sizikutanthauza khansa. Komabe akakwanitsa zaka 9 akabayitse, usadzamvere zonena za anthu.

Unditumizirenso chithunzi pakatha mwezi. Moni kwa apongozi anga ndi ana.

Ndine,
Mayi ako