Gulu la magazi lokha silikwanira popereka impso

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za chikhulupiriro chomwe chafala kuno ku Salima, chakuti wodwala impso angathe kulandira impso ya m'bale aliyense malinga onse awiri akhale a gulu limodzi la magazi. Mabanja ena amafika posankhiratu woti akapereke impso ku India, n'kuyamba kugulitsa mpunga ndi mbuzi, pongodalira chilembo cha O chomwe chili pa kadi yoperekera magazi.

Madokotala amayang'ananso mapuloteni otchedwa HLA, omwe amakhala pamwamba pa maselo ndipo ndiwo amathandiza asilikali a m'thupi kusiyanitsa chathu ndi chachilendo. Jean Dausset wa ku France anapeza puloteni yoyamba ya mtunduwu mu 1958, ndipo lero mitundu yodziwika ya HLA yapitirira 30,000. Mwana amatengera theka kwa bambo, theka kwa mayi, motero pa ana awiri a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi mwayi woti afanane kotheratu ndi umodzi mwa inayi basi.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi amayi. Mayi akakhala woyembekezera, thupi lake limakumana ndi HLA ya mwamuna wake kudzera mwa mwanayo, ndipo likhoza kupanga ma antibody (zida za chitetezo cha m'thupi) olimbana nayo, omwe amatha kukhala m'magazi zaka zambiri popanda chizindikiro chilichonse. Kuikidwa magazi nakonso kumachititsa zomwezo, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa mmene malungo amathetsera anthu magazi. Choncho bambo wofuna kupulumutsa mkazi amene anamuberekera ana asanu akhoza kukhala munthu wosayenera kupereka, pakuti impso yake ingakanidwe m'maola ochepa chabe, nthawi zina madokotala asanamalize n'kusoka komwe. Kafukufuku wa akatswiri awiri, Patel ndi Terasaki, wa mu 1969 ndiye anakhazikitsa mwambo woti madokotala, asanaike impso, aziyamba asakaniza madzi a m'magazi a wodwala ndi maselo a wopereka kuti aone ngati akulimbana.

Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo n'lakuti odwala amene akutsukidwa magazi ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, pamodzi ndi abale awo, aziyezedwa HLA ndi ma antibody asanagule tikiti ya ndege. Azaumoyo m'zipatala zathu za m'maboma nawonso azilemba m'kabuku ka kuchipatala tsiku lililonse lomwe munthu waikidwa magazi, komanso chiwerengero cha mimba zomwe mayi anatengapo, kuphatikizapo zomwe zinapita padera.

Wowerenga wanu,
Senga Bay, Salima