Wogulitsa mphete ndiye ankasunga nthawi ya tauni

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya nyumba zakale za masitolo a mphete, ndolo ndi mawotchi zomwe zidakalipo m'matauni ang'onoang'ono a ku America. Ine ndakalambira pa ntchito yokonza mawotchi, choncho nkhaniyi imandikhudza.

Anthu akaona maluwa okongoletsa kumaso kwa nyumbazi amatamanda amisiri a m'tauni momwemo. Nthawi zambiri sizinali choncho. Mwini sitolo ankangosankha m'kabuku ka kampani ngati Mesker Brothers ya ku St. Louis kapena George L. Mesker & Co. ya ku Evansville, Indiana. Nsanamira zachitsulo ndi malata odindidwa maluwa zinkabwera pa sitima ya pamtunda, amisiri n'kungolumikiza pa khoma la njerwa. Popeza nsanamirazo ndizo zinkasenza khoma, mawindo ankatha kukula. Chitseko ankachilowetsa mkati pang'ono kuti munthu, asanagwire n'komwe chogwirira, akhale ataima kale pakati pa mawindo awiri odzaza mphete. Pamwamba pake, kuyambira cha m'ma 1897, ankaikapo timagalasi tamizeramizera ta kampani ya Luxfer, tokhotetsa kuwala kwa dzuwa kuti kufike kumbuyo kwa sitolo yaitali koma yopapatiza. Yemwe anasakapo kasikuluwu ka wotchi madzulo akudziwa mtengo wa kuwala kumeneko.

Koma chondilembetsa kalatayi ndi wotchi ya pamsanamira yoima pakhomo. Ambiri amaiyesa chikwangwani chabe. Pa 18 November 1883 makampani a njanji ku America analeka kutsata nthawi ya tauni iliyonse payokha. Mu 1891 sitima ziwiri zinawombana ku Kipton, Ohio, anthu 8 n'kumwalira, ndipo akuti wotchi ya mmodzi mwa oyendetsa inali itaima mphindi 4. Apa mpamene Webb C. Ball, wogulitsa mphete ndi mawotchi wa ku Cleveland, anapatsidwa ntchito yokhazikitsa malamulo. Wotchi ya wantchito wa pa njanji isathamange kapena kutsalira kuposa masekondi 30 pa sabata, ndipo izipimidwa pafupipafupi. Ankapima ndani? Eni masitolo omwewa. Choncho wotchi yopangidwa ndi kampani ya E. Howard kapena ya Seth Thomas pakhomo pawo inali umboni wakuti munthuyu amaidziwa ntchito, ndipo tauni yonse inkatchera mawotchi ake pamenepo.

Lero ogula nyumbazi amasunga sefa, bokosi lachitsulo lotsekeramo zinthu zamtengo wapatali, mwina chifukwa kulemera kwake sikulola kuitulutsa, koma timagalasi ta Luxfer amatiphimba ndi chikwangwani. Wotchi ija amaichotsa makina n'kuikamo mota yamagetsi. Zimenezi zimandiwawa. Makina akalewo amayenda ndi chitsulo cholemera chomwe chimatsika pang'onopang'ono, ndipo ambiri amangofuna kupukusidwa kamodzi pa sabata ndi kudonthezedwa mafuta mwa apo ndi apo. Pa zonse zomwe amawononga pokonzanso nyumba yoteroyo, ndalama yolipira munthu wopukusa ingasowe?

Ine wowerenga wanu,
Mmisiri wa mawotchi wopuma pa ntchito