Utitiri umakhala m'khola, tisamangothira nkhuku zokha

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi oweta nkhuku a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu nyengo yotentha isanafike. Katemera wa chitopa ambiri tamuzolowera tsopano, koma utitiri timaupeputsa. Tikati tiuthire mankhwala, timangowaza nkhuku, khola n'kulisiya momwemo, ndipo pakatha sabata wabwerera.

Utitiri wofiira sugona pathupi pa nkhuku. Masana umabisala m'ming'alu ya zipupa, m'mabowo a nsungwi, kunsi kwa makungwa a mitengo yomangira khola ndi m'udzu wa m'chisa. Usiku ndiye umatuluka, kuyamwa magazi kwa ola limodzi kapena awiri, n'kubwerera kobisala. Ndi waung'ono, pafupifupi milimita imodzi. Usanayamwe umakhala wotuwa, ukakhuta umafiira. Mazira ake amaswa pakatha masiku 2 kapena 3, ndipo kunja kukatentha masiku 7 okha amakwana kuti umene waswa uyambe kuikira akeake. Thadzi limafungatira masiku 21, ndiye kuti chisa chimodzi chimalera mibadwo itatu ya utitiri anapiye asanaswe. N'chifukwa chake thadzi limathawa mazira, lipombo limayera, ndipo anapiye amafa magazi atawathera.

Ku Golomoti, ku Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje, kutentha kumaufulumizitsa kuswana. A ku Bembeke ndi ku Tsangano asadalire kuzizira kwa mu June ndi July, chifukwa kumangouchedwetsa, sikuupha. Utitiriwu umatha kukhala miyezi 8 osayamwa kalikonse, choncho kusamutsa nkhuku kwa masabata awiri n'kuzibwezera m'khola lomwelo n'kutaya nthawi.

Kuti mudziwe ngati ulimo, lowani usiku ndi tochi, mupukute kunsi kwa mtengo wogonapo nkhuku ndi kansalu koyera. Mukaona timizere ta magazi, ulimo.

Ntchito iyambe m'mawa nkhuku zitatuluka. Chotsani udzu wonse wa m'zisa muutenthe patali ndi nyumba. Musautaye kudzala, chifukwa nkhuku zikafukula kumeneko zidzautenganso. Palani zitosi, sendani makungwa pa mitengo yonse. Kenako thirani madzi owira m'ming'alu ndi molumikizira mitengo. Kutentha kopitirira madigiri 45 kumapha utitiri pamodzi ndi mazira ake, koma madzi ofunda chabe amazizira asanalowe mkati mwa mng'alu. Khola likauma, matani ming'alu ndi dothi, zirani pansi, pakani njereza. Nsungwi zong'ambika n'zosatheka kuziyeretsa, ndi bwino kungozisintha.

Mankhwala a ufa ophera utitiri amapezeka m'masitolo a mankhwala a ziweto. Athireni m'zisa, m'makona ndi molumikizira mitengo, ndipo pa nkhuku muike kunsi kwa mapiko ndi kuzungulira kumchira, potsatira muyeso wolembedwa pa paketi. Apa ndi pamene ambiri amalephera: ufawu supha mazira a utitiri, ndiye muyenera kubwereza pakatha masiku 5 mpaka 7, kenakonso kachitatu ngati kansalu kaja kakuonetsabe magazi. Mankhwala osungira chimanga ndi opopera mbatata kapena tomato musayerekeze kuthira nkhuku, chifukwa amatsalira m'mazira ndi m'nyama zimene ana athu adzadye. Parafini naye amawotcha khungu.

Pali tizilombo tina timene anthu amatitchulanso utitiri, tija timamatirira kuzungulira maso ndi palipombo osasuntha. Timeneti pakani Vaseline mochuluka, timafa posowa mpweya. Miyendo yotukuka mamba imafunanso mafuta omwewa, kawiri pa sabata mpaka isalale.

Pamalo osanyowa kumbani kadzenje kozama masentimita 20, muthiremo mchenga magawo awiri ndi phulusa losefa gawo limodzi kuti nkhuku zizisambamo. Phulusa likanyowa limapsereza khungu, choncho mvula ikayamba kadzenjeko kafoleredwe. Nkhuku yogula ku msika wa Lizulu kapena ku Chimbiya ikhale payokha masiku 14, ndipo dengu limene yabweramo lisalowe m'khola. Nkhunda nazo zimasunga utitiri, khola lake lizikonzedwa tsiku lomwelo.

 

Ndikupempha alangizi a ziweto ndi ogulitsa mankhwala kuti aliyense wogula ufawu azimuuza tsiku lodzathiranso kachiwiri, ngati n'kotheka alilembe pa paketi pomwepo.

Woweta nkhuku,
Bembeke, Dedza